Kuchepetsa kapena kutseka saluni ya zikhadabo: muyambire pati?

Eni saluni za zikhadabo ambiri amaona kuti zinthu zavuta, koma pamatenga miyezi kuti avomereze. Matebulo amakhala opanda munthu mpaka masana, lendi ya mwezi uno ikulipidwa ndi ndalama za mwezi wamawa, ndipo m'saluni monsemo amene salandira malipiro ndi mwini wake yekha. Koma poti Loweruka lapitali kunadzaza, mtima umati tipirireko pang'ono.

Chimene ambiri amachidziwa mochedwa n'chakuti kutseka nakonso kumafuna ndalama. Pali notisi ya landilodi, malipiro omaliza a antchito, makasitomala amene analipiriratu, msonkho. Mukadikira mpaka thumba litauma, simusankhanso nokha, amakusankhirani amene muli nawo ngongole. Malangizowa ndi oti muwatsatire mudakali ndi kanthu m'manja, kaya mapeto ake akhale kuchepetsa, kugulitsa kapena kutseka.

1. Werengani ndalama, kenako muwerenge maola

Sonkhanitsani malisiti, buku lolembamo makasitomala ndi mapepala a kubanki a miyezi 12. Miyezi itatu yokha ikhoza kukunamizani, chifukwa ntchito ya zikhadabo imayendera nyengo: kumadzaza nthawi ya maukwati ndi zikondwerero za kumapeto kwa chaka, kenako kumazizira. Werengani ndalama zokhazo zimene zinalowadi. Kasitomala amene anati adzalipira akalandira, ndi gulu la aperekezi a ukwati limene linangofunsa mtengo, musawaike m'buku. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndalama zotuluka muzigawe pawiri. Mbali imodzi lembani zimene mumalipira ngakhale kusabwere munthu: lendi, malipiro okhazikika a antchito, inshulansi, intaneti, laisensi, ngongole ya zipangizo. Mbali ina lembani zimene zimatuluka kasitomala akakhala patebulo: gel (polishi wouma ndi nyali yapadera), ufa wa acrylic woumbira zikhadabo ndi monomer wake (madzi osakanizira ufawo), matipi (zikhadabo zomata), zopalira, magolovesi, thonje, acetone (mankhwala ochotsera gel ndi acrylic), komishoni ya amene wagwira ntchitoyo, ndi kachigawo kamene banki imadula munthu akalipira pa khadi. Pa mbali yoyamba ija onjezani malipiro anu. Apa ambiri amazemba. Koma ngati saluni ikuoneka yamoyo chifukwa chakuti inuyo mukugwira ntchito yaulere masiku 6 pa mlungu, ndiye kuti ikuluza, kungoti amene akulipira kuluzako ndi inu.

Tiyerekeze ndi manambala ongopanga, mu ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito. Zolipira zosasintha ndi 3,000 pa mwezi. Kasitomala mmodzi amasiya 30, ndipo pa 30 imeneyo 10 imathera ku katundu ndi komishoni, n'kutsala 20. Kuti mukwanitse 3,000 pafunika makasitomala 150 pa mwezi, kutanthauza 6 pa tsiku ngati mumatsegula masiku 25. Ngati amabwera 4 okha pa tsiku, mwezi uliwonse mumabowoka 1,000.

Tsopano maola, ndipo apa ndi pamene nkhani imaonekera bwino kuposa pa ndalama. Saluni ya matebulo 4 yotsegula maola 8 ili ndi maola 32 oti igulitse tsiku lililonse. Makasitomala 4 aja, aliyense ola limodzi ndi theka, adya maola 6 okha. Maola 26 otsalawo mukuwalipirira lendi ndi magetsi. Chitani masamu amenewa ndi manambala anu enieni, ndipo mudzapeza chimodzi mwa zinthu zitatu. Ngati matebulo amakhala opanda anthu, saluni yakula kuposa makasitomala ake, ndipo kuchepetsa kungathandize. Ngati matebulo amadzaza koma ndalama sizioneka, vuto lili pa mitengo kapena pa katundu amene akuonongeka, ndipo kusamukira m'kachipinda sikungachiritse zimenezo. Ngati saluni ikupanga phindu koma lonse likumezedwa ndi ngongole yakale, mwachitsanzo ya nthawi ya Covid-19 mu 2020 pamene masaluni m'mayiko ambiri anatsekedwa koma lendi ikuwerengabe, ndiye woyamba kukambirana naye ndi mwini ngongoleyo. Bizinesi yotereyi si yoti itsekedwe mwaphuma.

2. Yezani ntchito iliyonse payokha

Pa ntchito iliyonse imene ili pa mndandanda wa mitengo, chotsani mtengo wa katundu, zotsalazo muzigawe ndi nthawi imene ntchitoyo imatenga. Ambiri amadabwa kupeza kuti zojambulajambula zimene zimakopa anthu pa Instagram ndi zimene zimabweretsa zochepa pa ola, chifukwa zimadya nthawi koma mtengo wake anangoonjezera pang'ono poopa kuthawitsa kasitomala. Pamene kupaka gel wa mtundu umodzi, kosatchuka konse pa zithunzi, kumatha msanga ndipo kumasiya kanthu.

Muwerengenso anthu amene amabwerera. Chikhadabo chimakula, choncho wa acrylic amafunika kudzadzazitsa pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo gel naye sakhalitsa kuposa pamenepo. Anthu amenewa ndiwo msana wa saluni. Lembani mayina a onse amene abwera kasachepera katatu m'miyezi itatu yapitayi, ndipo pambali pa dzina lililonse mulembe amene amawakonza. Pepala limeneli mudzalifuna pa chisankho chilichonse chimene chikubwera.

3. Watopa ndani, bizinesi kapena inu?

Funso limeneli muliyankhe muli nokha. Ntchito ya zikhadabo imadya thupi: msana ndi khosi chifukwa chowerama tsiku lonse, dzanja chifukwa cha kamakina kopalira, chifuwa chifukwa cha fumbi ndi fungo la monomer. Palinso vuto la khungu limene limayamba likamakhudzana pafupipafupi ndi gel wosauma kapena acrylic, makamaka mankhwala onga HEMA. Zala zimayabwa, kufiira ndi kung'aluka, ndipo thupi likayamba kudana ndi mankhwala amenewa nthawi zambiri silisinthanso.

Ndikutchula izi chifukwa njira zambiri zochepetsera saluni zimathera poti mwini wake atsale yekha patebulo. Ngati chimene chakutopetsani ndi kuyang'anira antchito ndi kuthamangitsana ndi lendi, kutsala nokha kudzakupumitsani. Koma ngati ndi thupi limene lakana, kutsala nokha ndi kuonjezera katundu pa msana wothyoka kale. Pitani kwa dokotala musanasankhe.

4. Werengani mgwirizano wa lendi, mawu ndi mawu

Pepala limene munasaina mosangalala tsiku lija ndi limene likuuzeni ngati muli ndi ufulu wochoka. Fufuzani zinthu izi: mgwirizano ukutha liti, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji ndipo iperekedwe motani, mukachoka nthawi isanakwane mulipira chiyani, kodi mukuloledwa kulowetsa munthu wina kapena kumusiyira malowo, kodi muyenera kubwezera chipindacho mmene munachipezera, nanga dipoziti idzabwezedwa pa mfundo ziti. Za kubwezera chipinda musazipeputse. Mipando ya pedicure (yokonzerapo mapazi) yolumikizidwa ku mapaipi, mashelefu a polishi okhomedwa kukhoma ndi paipi yotulutsa mpweya, zonsezi kuzichotsa ndi kukonza pamene zinali zimafuna mmisiri ndi ndalama.

Chachikulu koposa, onani ngati munasaina kuti inuyo panokha mudzalipira bizinesi ikalephera. Ngati ndi choncho, kutseka chitseko sikuthetsa ngongole, imakutsatirani kunyumba. Mawu amene simukuwamvetsa mupite nawo kwa loya. Ola limodzi la loya ndi lotchipa kuyerekeza ndi lendi ya miyezi imene mungalipire malo amene simukuwagwiritsa ntchito.

Mukatero kaonaneni ndi landilodi, musanadumphe mwezi ngakhale umodzi. Ndikudziwa kuti zimachititsa manyazi, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Landilodi nayenso amawerenga: chipinda chikakhala chopanda munthu, iye salandira kanthu. Mupite ndi pempho lomveka, monga kutsitsa lendi kwa miyezi 6, kubweza theka la malo, kusamukira m'chipinda chake china chaching'ono, kapena kukumasulani msanga mukamupezera wina wolowa. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndipo nonse musaine. Mawu apakamwa amaiwalika mwezi ukatha.

5. Pezani mtengo wa kutseka, ndipo dulani mzere

Phatikizani zonse zimene mungalipire mutati mutseke lero: lendi ya nthawi ya notisi, kukonza chipinda, malipiro a antchito pamodzi ndi masiku a tchuthi amene sanapume ndi zina zimene lamulo la ntchito la m'dziko lanu limalamula munthu akachotsedwa, mavocha (timapepala togula kuti munthu adzakonzedwe nato mtsogolo) ndi ndalama zonse zimene makasitomala analipiriratu, ngongole kwa okugulitsani katundu, zotsala pa zipangizo zimene munatenga pangongole, ndi msonkho. Musachotserepo ndalama zimene mukuyembekeza kupeza pogulitsa zipangizo, chifukwa zogwiritsidwa kale ntchito zimapita pa mtengo wogwetsa ulesi.

Nambala imeneyi ndiye mzere wanu. Tsiku limene ndalama zimene muli nazo zidzatsike kufika pamenepo, kuyesa kwatha, mukutseka. Ilembeni, ndipo muuzeko munthu mmodzi amene sachita nanu manyazi, kuti adzakukumbutseni. Pa nokha mudzausuntha mzerewo, chifukwa nthawi zonse kumakhala Loweruka lina limene likubwera. Ndipo ngati mwayamba kuganiza zokongola ndalama za chiwongoladzanja chokwera kuti mulipire lendi, dziwani kuti mzere munaudutsa kale.

6. Ngati mwasankha kuchepetsa

Njira iliyonse muiyese ndi funso limodzi: kodi ikuchotsa chiyani pa zolipira zosasintha zija? Kutseka Lolemba ndi Lachiwiri kumapulumutsa magetsi ndi maola a antchito, koma lendi siitsika. Kusiya kugula mitundu yatsopano ya polishi n'kwanzeru, chifukwa mabotolo ambiri pa shelefu amalimba asanafike ndi pakati pomwe, komabe zimenezo zokha sizingatseke bowo la 1,000 pa mwezi. Zimene zimasinthadi zinthu ndi malo ndi malipiro.

Mukhoza kubwereketsa matebulo amene sakugwira ntchito kwa akatswiri odziimira okha, kuti azilipira pa mlungu kapena pa mwezi, ngati mgwirizano wa lendi ukulola. Chenjerani apa: m'mayiko ambiri, ngati inu ndi amene mukumuikira munthu maola, mitengo ndi makasitomala, lamulo limamuona ngati wantchito wanu ngakhale mumutche wobwereka tebulo. Mukhozanso kugawana malo ndi wokonza tsitsi kapena womata nsidze, amene makasitomala ake ndi omwewo amene inu mukuwafuna. Kapena kutembenuza nkhaniyo: inu ndi amene mukabwereke ngodya m'saluni ya wina.

Kugwirira ntchito kunyumba kumathetsa lendi, koma kuli ndi zake. Fungo la monomer limalowa m'nyumba yonse, ndiye pafunika chipinda chapadera cholowa ndi kutuluka mpweya bwino, chokhoma kuti ana asafike pa mankhwala. Funsani akuluakulu opereka malaisensi ngati ntchitoyi ikuloledwa m'nyumba yogonamo, funsani mwini nyumba ngati ndi ya lendi, ndipo musaganize kuti inshulansi ya nyumba ikuteteza kasitomala amene wavulala. Kuyendera makasitomala m'makomo nako kumaoneka kopepuka mpaka mutawerenga maola a panjira, amene palibe amakulipirani. Mtengo wake uyenera kukwera.

Musanasamuke, bwererani ku pepala la mayina lija. Ndi angati amene amakonzedwa ndi inuyo? Pa amenewo, ganizani kuti ena sadzakutsatirani chifukwa cha mtunda kapena chizolowezi. Chitaninso masamu a gawo loyamba ndi otsalawo. Ngati akukwana, yesani kwa masiku 90, mutalemberatu nambala ya makasitomala pa mlungu imene idzasonyeze kuti zatheka. Masiku 90 akakwana, yang'anani nambalayo, osati mmene mukumvera mumtima.

Ndipo ngati kuchepetsa kukutanthauza kuchotsa antchito, chitani kamodzi. Kuchotsa mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa, kumachititsa kuti waluso kwambiri, amene akhoza kupeza ntchito kulikonse, athawe yekha asanafikiridwe.

7. Kodi pali choti mugulitse?

Wogula saluni amagula malo ndi mgwirizano wake wa lendi, zipangizo, dzina, ndi makasitomala amene adzapitirize kubwera inu mutachoka. Ngati pa pepala lija mayina ambiri ali pansi pa dzina lanu, chimene anthu amatsata ndi manja anu, ndipo manja sagulitsidwa. Koma ngati antchito ali ndi makasitomala awoawo ndipo mabuku anu ndi olongosoka, pali choti mukambirane. Yambirani pafupi: wantchito wanu wamkulu, kapena saluni yoyandikana nayo imene ikufuna kukula. Landilodi avomereze kusinthako molemba, ndipo dzina lanu lichoke pa mgwirizano. Ngati wogula akufuna kulipira pang'onopang'ono, zilembedwe ndi loya, kuphatikizapo chimene chidzachitike akasiya kulipira.

8. Ngati mwasankha kutseka, tsatani dongosolo ili

Sankhani tsiku mowerengera notisi yaitali kwambiri pa zonse zimene muyenera kupereka, ya landilodi kapena ya antchito. Ngati n'kotheka, tsikulo ligwe nyengo yotanganidwa itangotha, kuti mutseke ndi ndalama m'manja.

Lekani nthawi yomweyo kugulitsa mavocha ndi kulandira ndalama za ntchito ya mtsogolo. Kulandira ndalama za ntchito imene mukudziwa kuti simudzaigwira ndi chinyengo, ngakhale cholinga chanu chikhale cholipira antchito.

Antchito amve kwa inu, pamaso, asanamve kwa kasitomala kapena pa Facebook. Muwauze tsiku, muwapatse aliyense pepala losonyeza zimene adzalandire ndi tsiku lolandira, ndiponso kalata ya umboni wa ntchito yawo. Ena adzachoka tsiku lisanafike, ndipo simungawaimbe mlandu. Ngati mukufuna kuti akhale mpaka kumapeto, lonjezani kandalama koonjezera ka tsiku lomaliza, kamene mungakwanitsedi. Ndimaona kuti n'chilungamo kuwalola kuuza makasitomala awo kumene akupita. Simukutaya kanthu, inu mukutseka.

Makasitomala muwauze kutatsala milungu inayi kapena kuposerapo, kuyambira amene ali ndi mavocha: abwere adzawagwiritse ntchito kapena muwabwezere ndalama. Kumbukirani kuti anthu akuyenda ndi ntchito yanu kumanja. Wa acrylic kapena gel akasowa kopita amayamba kusenda yekha, ndipo chikhadabo chenicheni chimasendeka nacho limodzi. Sungani masiku omaliza kuti akhale ochotsa ndi kudzaza, ndipo aliyense mumuuze dzina la katswiri amene mumamukhulupirira, komanso mtundu wa gel kapena acrylic amene ali kuzala kwake. Manambala a foni a makasitomala musawapereke kwa saluni ina eni ake asanavomere. M'mayiko ambiri pali lamulo loteteza zimenezi, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, anakupatsani inu, osati wina.

Katundu wosatsegula funsani ngati okugulitsani angamulandirenso. Wotsegula yang'anani kachizindikiro ka kabotolo kotsegula kolembedwa 12M kapena 24M, kamene kamanena miyezi imene chinthucho chingagwiritsidwe ntchito chitatsegulidwa. Chodutsa nthawi musamugulitse mnzanu. Werenganinso zimene zili m'botolo: kuyambira pa 1 September 2025, mayiko a European Union analetsa zodzikongoletsera zokhala ndi mankhwala otchedwa TPO, amene amapezeka mu gel wina, choncho ngati muli kumeneko gel wotere si wogulitsanso kapena kupaka munthu.

Zipangizo yambani kuzitsatsa msanga, koma wogula adzatenge tsiku lomaliza litadutsa. Nyali zoumitsira gel, timakina topalira, makina oyamwa fumbi ndi ophera tizilombo pa zida zimapita mosavuta kwa ophunzira ndi amene akungoyamba kumene. Mipando ya pedicure ndiyo imavuta, chifukwa ndi yolemera ndipo imafuna wodziwa mapaipi. Chilichonse chimene simunamalize kulipira musachigulitse musanalankhule ndi amene anakukongozani.

Acetone, monomer ndi mankhwala ochotsera polishi amayaka moto msanga. Musawathire m'sinki kapena m'chimbudzi, ndipo musawaponye m'bini wamba. Funsani oyang'anira zinyalala m'dera lanu kumene amalandira mankhwala oopsa.

Kenako mapepala. Dziwitsani ofesi ya msonkho ndi yopereka malaisensi kuti mwasiya, apo ayi adzapitiriza kukuwerengerani ngati mukugwirabe ntchito. Thetsani intaneti, makina olipirira pa khadi, pulogalamu yolembera makasitomala ndi zina zonse zimene zimadula ndalama kubanki mwezi ndi mwezi. Inshulansi ikhale yomaliza, ndipo funsani ngati ikutetezanibe pa dandaulo limene lingabwere saluni itatsekedwa kale. Akaunti ya kubanki musaitseke mpaka zolipira zonse zitadutsa. Mabuku, malisiti ndi mapepala a malipiro a antchito musunge kwa zaka zimene lamulo la msonkho la m'dziko lanu limanena. Pa Google Maps lembani kuti malowo atsekedwa, kuti anthu asamabwere kudzagogoda pa chitseko cha eni ake atsopano.

Tsiku lobweza makiyi, jambulani chipinda chonse, makoma, pansi ndi mamita a magetsi ndi madzi. Yendani m'chipindamo limodzi ndi landilodi, asaine kuti walandira malowo ndi makiyi pa tsikulo, ndipo alembe tsiku limene dipoziti idzabwezedwe.

Pa zimene mukugulitsa, patulani nyali imodzi yabwino, kamakina kopalira, maburashi amene manja anu anawazolowera ndi mabotolo ochepa a mitundu imene anthu amaifunsa kawirikawiri. Zonsezi zimakwana m'chikwama chimodzi. Tsamba la Instagram lokhala ndi zithunzi za ntchito yanu musalifufute, ndipo nambala ya foni imene makasitomala amaidziwa muisunge ikugwirabe ntchito kwa chaka chathunthu.